Mwini Chiwaya ndi Mwini Malo: Zimene Mbiri ya McDonald's Yandikumbutsa za Malume Anga

Ndili ku sekondale, tchuthi chilichonse ndinkachithera pa chiwaya cha malume anga ku Ndirande, ndipo ntchito yanga inali yosenda mbatatesi. Tinkadzuka kusanache, thumba la mbatatesi ya ku Ntcheu litatsamira khoma, ine n'kukhala pa chitini ndi kampeni kanga, kusenda n'kumaponya m'beseni la madzi kuti isade. Kudula ankadula okha a malume, chifukwa pa nkhani ya kukula kwa tchipisi sankakhulupirira dzanja la munthu wina. Ankati chidutswa chikanenepa chimapsa kunja m'kati muli gwa, ndipo chikaonda kwambiri chimamwa mafuta n'kudya phindu lonse. Pofika 10 koloko chiwaya chinkakhala chitatentha, tchipisi choyamba chitakankhidwira m'mphepete kuti mafuta atsike, kabichi ndi tomato zili pambali, mchere ndi kambuzi zili m'timabotolo tawo. Munthu akafika sankadikira. Ankangonena ndalama imene ali nayo, a malume n'kumupatulira ndi chipande, iye n'kudya ali chiimire.

Zonsezi zabwerera m'maganizo mwanga chifukwa m'miyezi yapitayi ndakhala ndikuwerenga mbiri ya McDonald's, kampani ya ku America yogulitsa burger (nyama yogaya yokazinga yoika pakati pa bani), imene lero ili ndi malo odyera oposa 40,000 m'mayiko oposa 100. Kuno kwathu kampaniyi kulibe, ndipo ambiri a ife tinangoiona pa TV kapena pa ulendo wa ku Johannesburg. Komabe mbiri yake yandiunikira chinthu chimene ndinachiona ndi maso anga ndili mnyamata koma osachimvetsa, chakuti pa malonda a chakudya wodziwa kuphika ndi amene amalemera nthawi zambiri amakhala anthu awiri osiyana, ndipo chimene chimawalekanitsa ndi funso lakuti dzina ndi malo zalembedwa m'manja mwa ndani.

Oyambitsa malondawa anali anthu awiri apachibale, Richard ndi Maurice McDonald, amene anachokera ku New Hampshire kupita ku California kukasaka moyo. Mu 1940 anatsegula malo odyera mu mzinda wa San Bernardino, a mtundu umene unali wotchuka nthawi imeneyo, woti munthu amaimika galimoto panja ndipo atsikana operekera zakudya amamubweretsera mbale pa zenera. Malonda ankayenda, koma abalewa sankakhutira. Mbale zinkasweka, mafoloko ankasowa, antchito ankasiya ntchito pafupipafupi, ndipo anyamata ankakhalitsa pamalopo akucheza ndi atsikana aja osagula zambiri. Atawerengetsa bwino anapeza kuti gawo lalikulu la ndalama zawo linkachokera ku chakudya chimodzi chokha, ndicho burger. Mu 1948 anachita chinthu chimene wamalonda aliyense angachite nacho mantha: anatseka malo opindulitsa kwa miyezi pafupifupi itatu kuti awakonze mwatsopano.

Atatsegulanso kumapeto kwa chaka chomwecho, zonse zinali zitasintha. Zakudya zimene zinali 25 zinatsala 9 zokha. Atsikana operekera zakudya kunalibenso, mbale ndi mafoloko kunalibe, motero wotsuka mbale sankafunikanso. Chakudya chinkakulungidwa m'pepala, chakumwa chinkathiridwa m'kapu ya pepala, ndipo kasitomala ankayenera kutsika m'galimoto n'kukagula yekha pa zenera. Burger iliyonse inkathiridwa zofanana, ndipo inkagulitsidwa masenti 15, mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa anzawo. M'khitchini munthu aliyense anali ndi ntchito imodzi yokha, wina wokazinga nyama, wina wothira zokometsera, wina wokulunga, ngati mmene amagwirira ntchito anthu a m'fakitale. Njira imeneyi anaitcha Speedee Service System. Pamene ankakonza mapulani a nyumba yatsopano, anajambula khitchini yonse ndi choko pa bwalo la tenisi la kunyumba kwawo, antchito n'kumayendamo ngati akuphika, pofuna kuona pamene angagundane ndi pamene phazi likutaya nthawi.

Nditawerenga za choko chimenechi ndinaona a malume m'maso mwanga. Iwonso anali ndi dongosolo lawo, ngakhale kuti silinalembedwe pena paliponse. Beseni linkakhala kumanzere, nkhuni kumbuyo pafupi ndi phazi, ndalama m'thumba la epuloni la kumanja, ndipo ndikasuntha botolo la mchere pang'ono pokha ankadziwa osayang'ana. Chakudya chofulumira, chotchipa ndiponso chofanana tsiku ndi tsiku si nzeru imene inabadwira ku California kokha. Pa Limbe, pa Wenela, pa Ginnery Corner, anthu akhala akudya chiimire kwa zaka zambiri. Kusiyana kunayamba pamene munthu wachitatu analowa m'nkhaniyi.

Munthuyo anali Ray Kroc, wobadwa mu 1902, amene anathera zaka zambiri akuyenda m'misewu kugulitsa makapu a pepala, kenako makina otchedwa Multimixer opangira chakumwa cha mkaka chotchedwa milkshake, amene ankatakasa makapu asanu nthawi imodzi. Zinamudabwitsa kumva kuti malo amodzi aang'ono ku San Bernardino ali ndi makina oterewa asanu ndi atatu, ndipo mu 1954, ali ndi zaka 52, anapita kukadzionera yekha. Anapeza mzere wa anthu ukuyenda mofulumira kuposa mmene anaonerapo kwina kulikonse. Abale aja anali atayamba kale kupereka chilolezo kwa anthu ochepa kuti agwiritse ntchito dzina ndi njira yawo, chimene pa malonda amachitcha franchise, koma analibe mtima woyendayenda dziko lonse. Anali ndi nyumba yabwino, magalimoto abwino, ndipo zimenezo zinkawakwanira. Kroc anapempha kuti ntchito yofalitsa dzinalo aigwire iye, ndipo pa 15 April 1955 anatsegula malo ake oyamba ku Des Plaines, pafupi ndi Chicago. Tsiku loyamba anagulitsa chakudya cha madola 366 ndi masenti 12.

Mgwirizano umene anasainirana ndi wofunika kuuyang'anitsitsa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Wofuna kutsegula McDonald's ankalipira madola 950 poyamba, kenako 1.9 peresenti ya ndalama zonse zimene wagulitsa. Pa 1.9 imeneyi, 0.5 inkapita kwa abale a McDonald, ndipo Kroc ankatsala ndi 1.4 yokha. Tinene kuti pa madola 100 alionse a malonda, Kroc ankalandira dola imodzi ndi masenti 40, ndipo pa ndalama yomweyo ankayenera kulipira ofesi, antchito ndi anthu oyendera malo odyera. Makampani ena a nthawi imeneyo ankalemera mwa kugulitsa chigawo chonse cha dziko kwa munthu mmodzi pa mtengo waukulu, kapena mwa kukakamiza ogula franchise kuti azigula katundu ndi zipangizo kwa iwo pa mtengo wokwera. Kroc anakana njira zonse ziwirizi. Ankapereka malo amodzi kwa munthu mmodzi, kuti aone kaye ngati akutsatira malamulo asanamupatse achiwiri, ndipo sankafuna kudyera pa katundu amene anthu akewo ankagula. Ine ndimaona kuti pamenepa anaganiza bwino, chifukwa munthu amene umamudyera pa mafuta ndi ufa sangakukhulupirire ukamamuuza za ubwino wa chakudya. Koma zotsatira zake zinali zakuti malo odyera ankachuluka, eni ake ankapeza bwino, pamene kampani ya Kroc inkangotsala pang'ono kugwa.

Amene anapulumutsa zinthu anali Harry Sonneborn, katswiri wa za ndalama amene poyamba ankagwira ntchito ku kampani ya ayisikilimu yotchedwa Tastee-Freez. Iye anaona kuti phindu lenileni silingachokere pa kagawo ka malonda a nyama ndi bani. Mu 1956 anakhazikitsa kampani ina pambali, Franchise Realty Corporation, imene ntchito yake inali yopeza malo. Kampaniyi inkapita kwa mwini nthaka n'kuchita naye lendi ya zaka zambiri pa mtengo wosasintha, kenako n'kubwereketsa malo omwewo kwa wogula franchise itawonjezerapo 20 peresenti, ndipo pambuyo pake 40 peresenti. Panalinso mfundo ina yochenjera kwambiri: wogula franchise ankalipira lendi yokhazikikayo kapena gawo la ndalama zimene wagulitsa, malinga ndi chimene chakula pa ziwirizo. Choncho malonda akayenda bwino lendi inkakwera yokha, ndipo mitengo ya zinthu ikakwera m'dziko, ndalama zolowa ku kampani zinkakweranso pamene zimene inkalipira kwa mwini nthaka zinali zomwe zija. M'kupita kwa nthawi kampaniyi inayamba kugula nthaka yeniyeniyo pa ngongole.

Nzeru imeneyi inabala zipatso zitatu nthawi imodzi, ndipo ndimaona kuti chachitatu ndicho anthu sachitchula kawirikawiri. Choyamba chinali ndalama zodalirika mwezi ndi mwezi. Chachiwiri chinali chikole, pakuti mabanki amene sankafuna kumva za burger ya masenti 15 ankamvetsera akamva za nthaka ndi nyumba. Chachitatu chinali mphamvu. Wogula franchise tsopano anali pa lendi m'nyumba ya kampani, ndipo akayamba kuchita za m'mutu mwake, monga kusintha kukula kwa nyama kapena kusiya pansi pali nyansi, ankadziwa kuti angathe kutaya malo amene akuchitirapo malonda. Kufanana kwa chakudya kumene McDonald's imanyadira kunatheka chifukwa wolamula za kaphikidwe analinso landilodi. Mpaka lero, pamene malo odyera pafupifupi 95 pa 100 alionse akuyendetsedwa ndi anthu ogula franchise, ndalama zimene kampaniyi imalandira kwa iwo monga lendi n'zochuluka kuposa zimene imalandira monga malipiro a dzina.

Apa ndi pamene nkhani ya a malume imandipweteka. Atakazinga pa mtetete kwa zaka zingapo, dzuwa ndi mvula zili pamutu, anasonkhanitsa kampamba n'kupeza kachipinda m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pamene maminibasi amatsitsa anthu. Kachipindako kanali kopanda pulasitala, pansi pali dothi. Anagula simenti ndi ndalama zawo, anapaka laimu, anakhomeretsa mabenchi awiri, ndipo ine ndinathandiza kutunga madzi osakanizira matope. Mgwirizano ndi mwini nyumba unali wa pakamwa, monga mmene zimakhalira m'makwalala ambiri a mu Blantyre muno. Anthu atayamba kuchuluka, lendi inakwera. Isanathe miyezi yambiri inakweranso. Tsiku lina madzulo, ndikutsuka chiwaya, mwini nyumba anafika n'kuima pakhomo.

"Achimwene, mwezi ukathawu mundipatse makiyi. Mwana wanga akufuna kuyamba bizinesi pomwe pano."

"Bwana, nanga simenti ndi mabenchiwa? Ndangomaliza kumene kukonza," anatero a malume, manja ali kumbuyo.

"Mabenchi mutenge. Simenti ndiye mukudziwa kuti siinyamulika."

Mwezi wotsatira pa malo omwewo panali chiwaya china, utsi womwewo, mbatatesi ya ku Ntcheu yomweyo. Makasitomala ambiri anapitiriza kudya pomwepo, chifukwa munthu wotsika minibasi ali ndi njala amaima pamene anazolowera kuima. A malume analibe chikwangwani, analibe dzina lolembedwa limene anthu akanalitsatira, ndipo mawu amene anandiuza tikunyamula mabenchi sindinawaiwale: "Mphwanga, ine ndinkayesa anthu aja akubwera kwa ine, koma ankabwera pa malo."

Chodabwitsa n'chakuti abale a McDonald anagwa m'dzenje lofanana ndi limeneli, koma analowera mbali inayo. Ubale wawo ndi Kroc unali utaipa, chifukwa mgwirizano unkafuna kuti kusintha kulikonse kuvomerezedwe ndi iwo m'kalata, ndipo iwo sankafulumira kuvomereza. Mu 1961 Kroc anawagula pa madola 2.7 miliyoni, ndalama imene anachita kukongola. Mtengowo anautchula ndi abalewo, powerengera kuti aliyense atsale ndi pafupifupi miliyoni imodzi akalipira msonkho, ndipo pa nthawi imeneyo chinali chuma chachikulu. Sindinganene kuti anaberedwa. Koma anakana kupereka malo awo oyambirira a ku San Bernardino, ndipo izi zinamukwiyitsa Kroc. Popeza dzina linali litagulitsidwa, anakakamizika kuchotsa dzina la bambo awo pa nyumba yawo yomwe n'kuitcha The Big M. Kroc anatsegula McDonald's yatsopano chapafupi, ndipo patapita zaka The Big M inatsekedwa. A malume anali ndi luso koma analibe malo ngakhale dzina. Abale aja anali ndi luso ndi malo koma anagulitsa dzina. Kroc, amene sanayambitse njira yophikirayo, ndiye anagwira zonse ziwiri pa pepala, ndipo ngakhale ndimalemekeza khama lake, nkhani ya chikwangwani chotsitsidwacho imandiwawa nthawi iliyonse ndikaiwerenga. Maurice anamwalira mu 1971, Kroc mu 1984, ndipo Richard mu 1998.

Sindikufuna kupeputsa mbali ya khitchini, chifukwa lendi singatuluke pa malo opanda makasitomala. Mnyamata wina dzina lake Fred Turner, amene anayamba ndi kukazinga nyama mu 1956 ndipo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa kampani yonse, analemba buku la malangizo mu 1958 lofotokoza chilichonse, kuyambira kukula kwa tchipisi mpaka katsukidwe ka ziwiya. Mu 1961 anatsegula sukulu yophunzitsa eni malo odyera, Hamburger University, m'chipinda chapansi cha lesitilanti ina ku Elk Grove Village. Zimene a malume ankazisunga m'dzanja ndi m'maso, iwo anaziika m'buku kuti munthu amene sanaonanepo ndi woyambitsa aphike mofanana naye. Mu 1965 kampaniyi inayamba kugulitsa masheya ake kwa anthu pa madola 22.50 imodzi.

N'zochititsanso chidwi kuti zakudya zotchuka kwambiri sizinachokere ku likulu. Lou Groen wa ku Cincinnati, amene malo ake anali m'dera la Akatolika ambiri osadya nyama Lachisanu, ndiye anabweretsa Filet-O-Fish, nsomba yoika pakati pa bani, mu 1962, pamene Kroc ankafuna kugulitsa chinanazi chokazinga pakati pa bani. Burger yaikulu yotchedwa Big Mac anaiyambitsa Jim Delligatti wa ku Pennsylvania mu 1967, ndipo chaka chotsatira inafalikira m'dziko lonselo. Anthu amene ankaima pa kauntala tsiku ndi tsiku ndiwo ankadziwa chimene kasitomala akufuna.

Anzanga ena amandifunsa chifukwa chake kampani yaikulu chonchi siinafike kuno, pamene KFC tili nayo mu mzinda muno. Mu Africa monse McDonald's ili m'mayiko ochepa kwambiri. Inalowa ku Morocco mu 1992, ku Egypt mu 1994 ndi ku South Africa mu 1995, kumene mu 2011 ufulu woyendetsa malo ake onse unaperekedwa kwa Cyril Ramaphosa asanakhale mtsogoleri wa dziko. Mmene ndikuonera, yankho lili kuseri kwa khitchini. Kuti burger ikhale yofanana kulikonse pamafunika fakitale yogaya nyama, bekale yaikulu, mbatatesi ya mtundu umodzi yodulidwa ndi kuumitsidwa mufiriji, magalimoto ozizira ndi magetsi osazimazima. Ku America kampaniyi inasiya kusenda mbatatesi m'malo odyera itagwirizana ndi J.R. Simplot wa ku Idaho kuti aziipatsa tchipisi chouma ndi chisanu. Pamene inkatsegula ku Moscow mu January 1990, inayamba yamanga fakitale yakeyake kunja kwa mzindawo ndiponso kuphunzitsa alimi. Ndalama zoterezi zimabwerera pokhapokha ngati pali malo odyera ambiri ndi anthu ochuluka otha kugula tsiku lililonse. Kwathu kuno, kumene ndalama zakunja zimasowa ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, katundu woitanitsa kunja angapangitse burger kukhala chakudya cha pa tsiku la malipiro, pamene ku San Bernardino inatchuka chifukwa inali ya munthu wamba. Malo a chakudya cha masenti 15 kuno anatengedwa kale ndi chiwaya, ndipo mbatatesi yake imachokera ku Tsangano ndi ku Dedza pa lole, osadutsa mufiriji.

N'chifukwa chake ine sindilakalaka kwenikweni kuona zipilala zachikasu za chizindikiro cha McDonald's pa Chichiri. Chimene ndimalakalaka n'chakuti amayi ndi abambo amene amatidyetsa masana mu mzinda uno akhale ndi zimene wogula franchise amakhala nazo ngakhale ali pa lendi yokwera, ndiko kudziwa kuti mawa adzapezeka pamalo pomwepo. Dongosolo la Sonneborn linalemeretsa landilodi, zimenezo n'zoona, koma linapatsanso wobwereka mgwirizano wolembedwa, umene nthawi zambiri umakhala wa zaka 20. Munthu wodziwa kuti ali ndi zaka 20 amathira simenti mtima uli m'malo, amakhoma chikwangwani, amaphunzitsa wantchito, ndipo banki imatha kumumvera. Munthu wa mgwirizano wa pakamwa amaopa ngakhale kupaka penti, chifukwa kukongola kwa malo ndiko kumaitana mwana wa mwini nyumba.

A malume tsopano ndi okalamba, ndipo amakazinga kutsogolo kwa nyumba yawo ku Machinjiri, pa kapuloti kamene anagula atavutika zaka zambiri. Msewu wake ndi wa fumbi ndipo odutsa ndi ochepa, moti thumba limodzi la mbatatesi limatha masiku angapo. Loweruka lapitali ndinapita kukawaona, ndipo ndinawapeza akudula okha monga kale, ngakhale kuti maso ayamba kuchita chidima. Ndinatenga kampeni n'kukhala pa chitini, ndipo tikusenda ndinawafotokozera za abale awiri aja, za Kroc ndi makina ake, ndi za Sonneborn. Za mamiliyoni sanazilabadire. Pa nkhani ya chikwangwani chotsitsidwa anapukusa mutu. Koma nditatchula za mgwirizano wa lendi anaika mpeni pansi.

"Wati zaka zingati, mphwanga?"

"Zaka 20, a malume."

"Zolembedwa, ndi siginecha ya mwini nyumba?"

Ndinavomera. Anakhala chete kwa kanthawi akuyang'ana kumsewu, kenako anatola mpeni n'kundiuza kuti ndisonkhezere moto, chifukwa ana a sukulu yomwe ili kumtunda amaphunzira mpaka masana Loweruka ndipo anali atatsala pang'ono kuweruka.